Ndalama ikamadikira ntchito yake: zoona za matumba a money market

Pali ndalama ina yovuta kusunga kuposa zonse, ndiyo ndalama yoti ili kale ndi ntchito koma tsiku la ntchitoyo silinafike. Mlimi wa ku Kasungu wagulitsa fodya ku okushoni mu Meyi, feteleza adzamufuna mu Novembala. Mayi wogulitsa kaunjika mu Limbe wapatula fizi ya mwana ya teremu ya Januwale pomwe pano ndi Seputembala. Mphunzitsi akuunjika pang'onopang'ono za malata a nyumba yake. Ndalama yotereyi ikakhala m'nyumba imapita ndi maliro, matenda ndi alendo. Ikakhala mu foni imatha ndi mayunitsi ndi timauthenga ta achibale topempha thandizo. Ikakhala ku banki pa akaunti wamba imangogona, ndipo mwezi ukatha banki imadulapo zake.

Anthu oterewa ndi amene alangizi a zachuma amawauza za money market fund. Amati ndi poyambira pabwino kwa munthu amene sanaikepo ndalama pena paliponse kuti ibereke, chifukwa chiopsezo chake n'chochepa. Mawuwa ndi oona, koma si onse. Kuchepa kwa chiopsezo kumene amanenako kuli ndi malire ake, ndipo kuno ku Malawi malirewo ali pafupi kuposa m'maiko amene malangizo ambiri otere amalembedwa.

Kayendedwe kake n'kosavuta kumva. Anthu ambiri amaponya ndalama zawo m'thumba limodzi, wina K20,000, wina K5 miliyoni, kampani ina mamiliyoni mazana. Kampani yoyendetsa thumbalo imatenga ndalama zonsezo n'kuzibwereketsa kwa kanthawi kochepa, kawirikawiri kosapitirira chaka, kwa obwereka amene amaonedwa kuti sangalephere kubweza: boma, mabanki, ndi makampani akuluakulu ochepa. Obwerekawo amalipira chiwongoladzanja, kampani yoyendetsa thumba imachotsapo malipiro ake, zotsalazo zimagawidwa kwa eni ndalama aliyense molingana ndi zimene anaika. Phindu limawerengedwa tsiku lililonse, ndipo m'matumba ambiri limaphatikizidwa ku ndalama yanu pakutha pa mwezi, kotero kuti mwezi wotsatira nalonso limayamba kubereka. Mukafuna kutapa, mumapempha, ndipo ndalama imalowa ku akaunti yanu pakapita masiku ochepa a ntchito. Simudikira kuti chaka chithe ngati mmene zimakhalira ndi fixed deposit, imene mukaithyola nthawi isanakwane mumaluza chiwongoladzanja.

Chimene chimadzaza matumba ambiri otere kuno kwathu ndi ma Treasury bill. Awa ndi mapepala a ngongole amene boma limagulitsa kudzera ku Reserve Bank of Malawi, a masiku 91, 182 ndi 364. Sagulitsidwa monga ngongole imene tinazolowera. Boma limalonjeza kudzakupatsani ndalama yakutiyakuti pa tsiku lakutilakuti, ndipo inu mumagula lonjezolo pa mtengo wotsikirapo. M'chaka cha 2024 pepala la masiku 364 linkapereka pafupifupi 26 peresenti, kutanthauza kuti munthu ankapereka ndalama yoyandikira K794,000 kuti chaka chikatha adzalandire K1,000,000. Pepala la masiku 91 linali cha pa 16 peresenti. Nthawi yomweyo akaunti yosungira ndalama m'mabanki ambiri inkapereka chiwongoladzanja chosafika n'komwe 10 peresenti. Mpata umenewu, pakati pa zimene banki imakupatsani ndi zimene banki yomweyo imalandira ikabwereketsa ndalama yanu ku boma, ndiwo umapatsa matumbawa moyo. Thumba limatengera munthu wamba pafupi ndi chiwongoladzanja chimene kale ankadya mabanki ndi makampani a inshuwalansi okha.

Ndi mmenenso zinayambira ku America. Kumeneko kunali lamulo lotchedwa Regulation Q limene linkaika malire pa chiwongoladzanja chimene mabanki angapereke kwa osunga ndalama, pomwe olemera ogula mapepala a ngongole akuluakulu ankalandira zambiri. Mu 1971 Bruce Bent ndi Henry Brown anakhazikitsa Reserve Fund kuti anthu a ndalama zochepa aphatikize zawo n'kulowa nawo pa msika umenewo. Maganizo amenewa anafalikira dziko lonse. Ku Kenya lero munthu amatha kuika ndalama m'thumba lotere kudzera pa M-Pesa ali pa msika. Kuno makampani monga Old Mutual Unit Trust, NICO Asset Managers ndi NBM Capital Markets amayendetsa ndalama za anthu pa msika umenewu, ena kudzera m'matumba a unit trust, ena mwa mgwirizano ndi kasitomala mmodzimmodzi.

Tsono akamati chiopsezo n'chochepa, akunena chinthu chimodzi chenicheni: nambala ya ndalama yanu sikawirikawiri kutsika. Mukagula masheya pa Malawi Stock Exchange, K100,000 yanu ikhoza kukhala K160,000 chaka chamawa, ikhozanso kukhala K70,000. M'thumba la money market K100,000 imakwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo chifukwa ngongole zake n'zazifupi, ndalama imabwerera m'thumba msanga zinthu zisanasinthe kwambiri. Kwa munthu woyamba, bata limeneli ndi la mtengo wapatali. Ambiri amene anayamba ndi chinthu chokwera n'kutsika anachita mantha pa kutsika koyamba, anatulutsa ndalama ataluza, ndipo sanabwererenso.

Koma nambala yosatsika si chimodzimodzi ndi ndalama yosatha mphamvu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Tiyeni titenge mlimi wa fodya uja. Tinene kuti waika K500,000 mu Meyi m'thumba lopereka 20 peresenti pa chaka, n'kudzatapa mu Novembala. Pa miyezi isanu ndi umodzi phindu ndi K50,000. Pa chiwongoladzanja pamakhala msonkho wa MRA, umene kawirikawiri ndi 20 peresenti, ndiye patsala K40,000. Walandira K540,000, ndipo palibe amene wamubera. Koma m'chaka ngati 2024, pamene mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposa pa chaka, katundu amene anali pa K500,000 mu Meyi akhoza kufika pa K575,000 mu Novembala. Mlimiyo ali ndi ndalama yochuluka kuposa imene anaika, koma agula matumba a feteleza ochepa kuposa amene akanagula tsiku limene analandira ndalama ya fodya. Zili ngati chimanga cha m'nkhokwe yotseka bwino: wakuba sanalowe, matumba ndi omwe aja, koma anankafumbwe akhala akudya mkati.

Ndiye pali kugwa kwa kwacha, kumene kumabwera usiku umodzi. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene ankasungira galimoto yochokera ku Japan, makina a chigayo kapena fizi ya mwana wophunzira kunja anadzuka m'mawa wa tsikulo ndalama yake ili yonse pa sitetimenti, koma yosakwaniranso chimene ankafuna. Palibe thumba la kwacha limene lingateteze munthu ku zimenezi. Abale athu a ku Zimbabwe anaona mapeto a njira imeneyi mu 2008, pamene ndalama zosungidwa m'mabanki, m'mapenshoni ndi m'matumba a chiwongoladzanja zinasanduka zopanda pake ngakhale manambala ake anali ataliatali.

Sindikunena izi kuti munthu athawe matumbawa. Mlimi amene wasunga K500,000 yake pansi pa matiresi adzakhala ndi K500,000 yomweyo mu Novembala, ngati sanaidye, ndipo waluza kuposa wa m'thumba uja. Chimene ndikukana ndi kuuza munthu woyamba kuti ndalama yake ikukula pomwe kwenikweni ikungochepa mochedwerapo. Ndipo ngati chinthu chimene mukusungira chikupezeka lero, sichiola, ndipo muli ndi poika, monga feteleza, malata kapena njerwa, nthawi zambiri kuchigula lero kumaposa chiwongoladzanja chilichonse chimene thumba lingakupatseni. Thumba limagwira bwino ntchito pa ndalama imene iyenera kukhalabe ndalama: fizi, lendi ya miyezi ikubwerayi, malipiro a aganyu pa nthawi yopalira, ndi ndalama ya pangozi imene banja lililonse limafunika kukhala nayo.

Funso lina limene woyamba aliyense ayenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi ndalama yangayi ali nayo ndani? Kampani yoyendetsa thumba siisunga m'kabati. Yaibwereketsa. Ngati gawo lalikulu lili mu ma Treasury bill, ndiye kuti inu mwabwereketsa boma la Malawi. Ngati gawo lina lili m'mabanki, kumbukirani kuti mabankiwo nawonso anabwereketsa boma ndalama zambiri. Anthu amati boma silingalephere kubweza ngongole ya m'ndalama yake yomwe, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho, chifukwa likhoza kubwereka kwina kapena kusindikiza ndalama, ngakhale kuti kusindikizako ndiko kumakweza mitengo. Koma IMF ndi World Bank akhala akunena poyera kuti ngongole za dziko lino zafika povuta kubweza, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole za m'dziko momwemuno chimadya gawo lalikulu la bajeti chaka chilichonse. Ku Ghana zinthu zitafika pothina mu Disembala 2022, boma linauza eni mapepala a ngongole zazitali kuti asinthe mapepala awo ndi ena a chiwongoladzanja chochepa komanso odzabwezedwa mochedwa. Ma Treasury bill sanakhudzidwe, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene ngongole zazifupi zimaonedwera kuti n'zotetezekerapo. Komabe nkhani ya Ghana inaonetsa kuti pepala la boma nalonso lili ndi tsiku lake loipa. Chiwongoladzanja cha 26 peresenti chija cha mu 2024 sichinali mphatso. Wobwereka amalipira zochuluka chotero chifukwa wapanikizika, komanso chifukwa obwereketsa akudziwa kuti kwacha imene adzabwezeredwe idzakhala yopepukirapo.

Obwereka ena, amene si boma, amagwa ndithu. Thumba la Reserve Primary Fund, la kampani yomwe ija inayambitsa zonsezi, linali litabwereketsa madola 785 miliyoni ku banki ya Lehman Brothers. Lehman itagwa pa 15 Seputembala 2008, tsiku lotsatira thumbalo linalengeza kuti dola iliyonse imene anthu anaika yatsala masenti 97. Kuluza kwake kunali kochepa, koma mantha anali aakulu. Anthu anathamangira kukatulutsa ndalama m'matumba ena onse, mpaka boma la America linalowererapo n'kulonjeza kuteteza matumbawo kwa kanthawi. Eni ndalama a m'thumba lija anadzalandira pafupifupi zonse, koma ena anadikira nthawi yaitali, pomwe anaika ndalamazo poganiza kuti angazitape tsiku lililonse. Amalawi okhala ku Joni angakumbukire za African Bank, imene inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi banki yaikulu ya South Africa mu Ogasiti 2014. Matumba angapo a money market amene anali ataibwereketsa ndalama anadula pang'ono ndalama za makasitomala awo, anthu amene ankakhulupirira kuti zimenezi sizingachitike.

Apa pali kusiyana kumene ambiri sakudziwa. Ndalama ya pa akaunti ya ku banki kuno ku Malawi tsopano ili ndi chitetezo cha Deposit Insurance Corporation, bungwe limene linayamba ntchito mu 2023 ndi lonjezo lobwezera wosunga aliyense mpaka K3 miliyoni banki yake ikagwa. Ndalama ya m'thumba la money market si ya m'gulu limenelo, ngakhale kampani yoyendetsa thumbalo itakhala ya banja limodzi ndi banki yanu, ya dzina lofanana, ndiponso ya m'nyumba yomweyo. Chitetezo chake n'china: kuti ndalama yamwazidwa kwa obwereka ambiri, komanso kuti katundu wa thumba amasungidwa ndi msungi wapadera, kawirikawiri banki, wosiyana ndi kampani yoyendetsa, kotero kuti kampaniyo ikagwa ndalama za anthu zisagwere limodzi.

Chitetezo chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha ngati kampaniyo ili yoona ndipo ikutsata malamulo. Makampani onse oyendetsa ndalama za anthu amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, pansi pa malamulo a Financial Services Act ndi Securities Act a 2010. Wopanda chiphaso musamupatse ngakhale tambala, kaya ali ndi ofesi yokongola, kaya anakudziwitsani ndi mnzanu wa ku tchalitchi. Aliyense wolonjeza 20 kapena 30 peresenti pa mwezi sakuyendetsa money market fund, chifukwa palibe Treasury bill kapena banki imene imalipira chotero. Akulipira akale ndi ndalama za atsopano, ndipo tsiku lina foni yake idzasiya kupezeka. Koma chiphaso chokha sichitseka nkhani. Kampani ya Alliance Capital ya ku Blantyre inali yodziwika ndi yovomerezeka, ndipo inathera m'khoti, n'kuthetsedwa, anthu ndi mabungwe amene anaikako ndalama akudandaula. Ku Ghana mu Novembala 2019 bungwe loyang'anira msika linalanda ziphaso za makampani 53 oyendetsa ndalama tsiku limodzi. Kampani imene ikupereka chiwongoladzanja choposa kwambiri anzake onse iyenera kuti yabwereketsa kwa obwereka amene anzakewo anawakana.

Ambiri amafunsa kuti, nanga si bwino kungokhala ku banki m'khonde? Funsoli n'lomveka, chifukwa kumeneko phindu limaoneka lalikulu. Amene anakhalapo pa tsiku logawana mu Disembala amadziwa: mphasa yayalidwa, bokosi la maloko atatu latsegulidwa pamaso pa onse, mlembi akuwerenga masheya m'kope, ndipo mayi amene anaponya K200,000 chaka chonse akunyamula yoposa pamenepo ndithu. Koma phindu limenelo limachokera m'matumba mwa mamembala omwewo, amene amabwereka pa 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, ndipo nthawi zina amakakamizidwa kubwereka ngakhale alibe chochita nayo ndalamayo. Mmodzi akathawa ndi ngongole, gulu lonse limalira, ndipo ubale umatha. Komanso ndalama simungaitulutse mu Julaye mwana akadwala, pokhapokha mutaibwereka, yanu yomwe, pa chiwongoladzanja. Banki m'khonde ili ndi mphamvu imene thumba lilibe: imakakamiza munthu kusunga sabata iliyonse chifukwa anzake akumuona, ndipo imapereka ngongole kwa amene banki singamuyang'ane n'komwe. Ine ndimaona kuti ziwirizi sizilimbana. Ndipotu magulu ena amakhala ndi ndalama yongokhala m'bokosi miyezi yomaliza, pamene asiya kubwereketsa pokonzekera kugawana, ndipo ndalama yotereyo ikanakhala bwino m'thumba la dzina la gulu kusiyana ndi m'chipinda cha msungichuma.

Munthu akaganiza zoyamba, zofunika si zambiri: chitupa cha unzika, umboni wa kumene amakhala, akaunti ya ku banki kapena ya pa foni, ndi fomu yodzaza. Chovuta si fomuyo koma mafunso amene ambiri amachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka osadziwa pamaso pa wachinyamata wovala tayi. Safunsa anadya phula. Funsani ngati peresenti imene akukuuzaniyo ndi ya pa chaka, ndiponso ngati achotsapo kale malipiro a kampani ndi msonkho, chifukwa 22 peresenti yosachotsa kanthu ikhoza kuchepa kuposa 19 peresenti yochotsa zonse. Funsani ngati pali ndalama yodulidwa polowa kapena potuluka. Pa ndalama yokhala miyezi itatu yokha, kudula kwa polowa kukhoza kudya phindu lonse. Funsani kuti mukapempha ndalama Lolemba idzafika liti, ndipo muyese ndi ndalama yochepa musanaike yambiri. Funsani dzina la msungi wa katundu wa thumba.

Ndipo pemphani pepala lofotokoza thumbalo, limene makampani oona amatulutsa kawirikawiri. Ndi tsamba limodzi kapena awiri. Pamwamba pamakhala kukula kwa thumba ndi phindu la miyezi yapitayi, ndipo maso a ambiri amathera pomwepo. Tsikirani m'munsi, pamene pali kabwalo kogawidwa m'zigawo kapena mndandanda woonetsa kumene ndalama zili: zakuti ku boma, zakuti m'mabanki, zakuti kwa makampani. Ngati gawo la makampani n'lalikulu, funsani kuti ndi makampani ati. Ngati ndalama yambiri ili ku banki imodzi, funsani chifukwa chake. Onaninso kutalika kwa ngongolezo, chifukwa thumba limene ladzaza ndi mapepala a boma a zaka zisanu kapena khumi si la money market ngakhale litadzitcha choncho, ndipo anthu ambiri akafuna ndalama zawo nthawi imodzi likhoza kuvutika kuwalipira.

Dziwaninso kuti peresenti ya lero si lonjezo. Imatsata chiwongoladzanja cha pa msika. Reserve Bank itakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, matumba anapereka zambiri. Boma likachepetsa kubwereka kapena chiwongoladzanja chikatsitsidwa, phindu la thumba limatsika pakangopita miyezi yochepa, pamene mapepala akale akutha n'kulowedwa m'malo ndi atsopano. Kutsikako pakokha si nkhani yoipa. Thumba lopereka 12 peresenti pamene mitengo ikukwera ndi 8 peresenti limalemeretsa mwini wake kuposa lopereka 24 peresenti pamene mitengo ikukwera ndi 30. Nambala yoyenera kuiyang'ana pambali pa phindu la thumba ndi ya kukwera kwa mitengo imene National Statistical Office ku Zomba imatulutsa mwezi uliwonse.

Kwa wachinyamata amene akusungira ukalamba, zaka makumi awiri kapena atatu kutsogolo, thumba limeneli si malo okhalitsa. Ndalama ya nthawi yaitali chotero imafuna zinthu zimene mtengo wake umakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu, monga masheya a makampani olimba, malo, nyumba kapena bizinesi, ndipo iye ali ndi nthawi yopirira zaka zoipa. Koma asanafike kumeneko ayambe wamanga ndalama ya pangozi yokwana miyezi itatu ya zofunika pakhomo, n'kuiika poti angaipeze sabata yomweyo. Popanda ndalama imeneyo, tsiku limene mayi ake adzagonekedwe m'chipatala adzagulitsa masheya ake pa mtengo uliwonse umene ulipo, kapena adzapita kwa wakatapila.